Mafunso a Owerenga: Kodi Diso la Abwana Liyenera Kulekezera Pati?

Pa makalata amene atifika mwezi uno kuchokera m'chigawo cha Tete, anayi akukamba nkhani imodzi ngakhale kuti olemba ake sakudziwana. Onse akufuna kudziwa mphamvu zimene munthu wolemba anzake ntchito ali nazo poyang'anira zochita za antchito ake, mauthenga awo a pa foni, maulendo awo ngakhalenso zimene zili m'thupi mwawo. Makalatawa tawafupikitsa, ndipo maina a anthu ndi a makampani tawachotsa.

FUNSO: Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa simenti, malata ndi zipangizo zina zomangira mumzinda wa Tete. Abwana anandipatsa foni yoti ndizilandirira maoda a makasitomala pa WhatsApp komanso ndalama za pa M-Pesa. Popeza foniyo ndimakhala nayo usana ndi usiku, nthawi zina ndinkalemberana ndi akulu anga a ku Angónia za matenda a mwana wanga ndi za ngongole za m'banja mwanga. Mwezi watha ndalama zitasowa, abwana anatenga foniyo n'kuwerenga zonse, ndipo pamsonkhano wa antchito anatchula mavuto anga ngati umboni wakuti ine ndi amene ndingabe. Tsopano akufuna kuti ndiwapatsenso foni yangayanga pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Kodi ndingakane popanda kuchotsedwa ntchito? Ndine mayi wa mumzinda wa Tete.

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha manyazi amene munachititsidwa pamaso pa anzanu. Kusowa kwa ndalama ndi nkhani yaikulu, ndipo mwini sitolo ali ndi ufulu wofufuza kumene zalowera, koma matenda a mwana wanu ndi ngongole za m'banja mwanu si umboni wa kuba, ndipo kuzitchula pagulu kunali kukulakwirani.

Tiyambe ndi foni ya kuntchito, chifukwa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Foniyo ndi ya abwana, nambala yake ndi yawo, ndipo maoda a makasitomala pamodzi ndi mauthenga osonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka ndi katundu wa sitolo. Zimenezi angathe kuziona tsiku lililonse popanda kukupemphani. Koma lamulo la ntchito la dziko lathu la Mozambique, lomwe pa Chipwitikizi limatchedwa Lei do Trabalho, silinena kuti mwini chipangizo ndi mwininso wa mawu onse odutsa m'chipangizocho. Lamulo la nambala 23/2007, la pa 1 Ogasiti 2007, linaika pa ndime 9 mfundo yakuti makalata ndi mauthenga a wantchito okhudza moyo wake wa iye mwini sayenera kutsegulidwa ndi munthu wina, kupatula pamene lamulo lalola. Lamulo limeneli linalowedwa m'malo ndi la nambala 13/2023, la pa 25 Ogasiti 2023, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024, ndipo chitetezo chimenechi chinasungidwa. Mizu yake ili m'malamulo aakulu oyendetsera dziko a chaka cha 2004, momwe ndime 41 imateteza ulemu wa munthu, mbiri yake yabwino ndi chinsinsi cha moyo wake, pamene ndime 68 imateteza nyumba yake ndi makalata ake.

Lamulo lomwelo limapatsanso abwana mphamvu imene sitiyenera kukubisirani. Iwo angathe kuika malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka foni, kompyuta ndi intaneti ya kampani, ndipo angathe kuletseratu kuti zipangizozi zisagwiritsidwe ntchito pa nkhani za kunyumba. Ngati anakuuzani zimenezi momveka pokupatsani foniyo, ndiye kuti munaphwanya lamulo la pantchito ndipo angathe kukudzudzulani pa chifukwa chimenecho. Komabe kuti munthu atsimikize kuti foni ya kampani inkagwiritsidwa ntchito polankhula ndi achibale, n'zokwanira kuona nambala imene munkalemberana nayo ndi nthawi yake, ndipo sipafunika kuwerenga mawu aliwonse amene munthu anauza mbale wake ali m'chisoni. Kwathu kuno mwini nyumba ya lendi akabwera kudzaona ngati denga likudontha amaima pakhomo n'kunena kuti odi, ndipo akalowa sapita kukatsegula chikwama chimene chili kuchipinda, ngakhale kuti makoma ndi malata ndi ake. Ulemu umenewu sunathe chifukwa chakuti masiku ano zinsinsi zathu timazisunga m'foni.

Nkhani yofanana ndi yanu inafika kukhoti lalikulu loona za ufulu wa anthu la ku Ulaya, lomwe lili mumzinda wa Strasbourg. Bogdan Bărbulescu, injiniya wa ku Romania, anauzidwa ndi kampani yake kuti atsegule akaunti ya Yahoo Messenger yoyankhira makasitomala, ndipo m'chaka cha 2007 anachotsedwa ntchito kampaniyo itamuonetsa masamba 45 a mauthenga ake, kuphatikizapo amene ankalemberana ndi m'bale wake ndi chibwenzi chake. Pa 5 Sepitembala 2017 khotilo linagamula kuti ufulu wake unaphwanyidwa, chifukwa makhoti a kwawo sanafufuze ngati anauzidwa pasadakhale kuti mauthenga ake aziwerengedwa, ngati panali chifukwa chokwanira chowerengera mawu enieniwo, ndiponso ngati panalibe njira ina yofufuzira yosalowerera kwambiri m'moyo wake. Chigamulo chimenechi sichimanga makhoti a ku Mozambique, koma mafunso atatuwo ndi omwenso munthu wanzeru angawafunse abwana anu, ndipo malinga ndi kalata yanu sakanatha kuyankha ndi limodzi lomwe.

Za foni yanuyanu yankho n'lalifupi: muli ndi ufulu wokana. Foniyo simunapatsidwe ndi kampani, ndipo palibe mgwirizano wa ntchito umene umasandutsa katundu wa wantchito kukhala wa abwana. Ngati akukhulupirira kuti mwaba, njira yake ndi yokadandaula kupolisi, ndipo ofufuza milandu ndi amene angafune kuona foniyo potsatira zimene lamulo limawalamula. Kanani mwaulemu, ndipo ngati n'kotheka lembani kalata yaifupi yonena kuti ndinu okonzeka kuthandiza pa kuwerengera ndalama, malisiti ndi mauthenga a M-Pesa a pa nambala ya sitolo, koma foni yanu simupereka. Sungani kope la kalatayo.

Kodi angakuchotseni ntchito? Mwalamulo, chilango chilichonse choposa kudzudzula pakamwa kapena chenjezo lolembedwa chiyenera kutsatira ndondomeko. Abwana ayenera kukupatsani chikalata chofotokoza mlandu wanu, chomwe chimatchedwa nota de culpa, chotchula zimene munachita, tsiku lake ndi malo ake, ndipo inu mumakhala ndi masiku 15 oti muyankhe ndi kupereka mboni zanu. Kuchotsa munthu ntchito popanda ndondomeko imeneyi n'kuphwanya lamulo, ndipo ngakhale mutakhala kuti mulibe mgwirizano wolembedwa, kusowa kwa pepalalo ndi vuto la wolemba ntchito ndipo sikukulandani ufulu wanu. Sindikufuna kukunamizani kuti lamulo likalembedwa ndiye kuti aliyense amalitsata, pakuti m'masitolo ang'onoang'ono anthu ambiri amangouzidwa pakamwa kuti mawa asabwere. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti lero lomwe mulembe tsiku la msonkhano uja, mawu amene ananenedwa ndi anthu amene analipo. Zikafika poipa, pitani ku ofesi ya oyendera ntchito, yotchedwa Inspecção Geral do Trabalho, kapena ku CEMAL, komwe amayanjanitsa antchito ndi owalemba ntchito nkhani isanapite kukhoti, ndipo ngati mulibe ndalama zolipira loya, bungwe la boma la IPAJ linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu otere. Kuyambira tsopano, za m'banja muzikambira pa foni yanu yokha. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo uthenga wolembedwa pa foni ya wina ndi mlomo wosiyidwa m'nyumba ya eni.

FUNSO: Ndine dalaivala wa thiraki ndipo ndimayenda pakati pa Beira, Tete ndi chipata cha Zóbuè. Kampani yathu inaika GPS, chipangizo chosonyeza pamene galimoto ili, m'mathiraki onse, ndipo chaka chino yawonjezera kamera yoyang'ana nkhope ya dalaivala, yomwe siizima ngakhale usiku ndikagona m'galimotomo. Tsiku lina ndinapatuka makilomita ochepa kukaona mayi anga odwala pafupi ndi Moatize, ndipo pakutha pa mwezi ndinapeza kuti andidula malipiro popanda kundifunsa kanthu. Kodi zonsezi n'zololedwa? Ndine bambo wa ku Moatize.

YANKHO: Bambo, m'kalata yanu muli zinthu zimene kampani ili ndi zifukwa zomveka zochitira ndiponso zina zimene yapyola malire, choncho ndiyenera kuzilekanitsa mosakondera.

Lamulo la ntchito limaletsa wolemba ntchito kugwiritsa ntchito zipangizo zoonera munthu ali patali ndi cholinga choyeza mmene wantchito akugwirira ntchito yake. Mu lamulo la 2007 mfundoyi inali pa ndime 8. Koma limalola zipangizozi pamene cholinga chake ndi kuteteza anthu ndi katundu, kapena pamene zili mbali ya kagwiridwe ka ntchitoyo, bola wantchito auzidwe kuti zipangizozo zilipo ndiponso chifukwa chake. Thiraki yonyamula katundu wa ndalama zambiri pamsewu wautali ngati wa N7, momwe kuba dizilo ndi katundu si nkhani yachilendo, ndi chitsanzo chabwino cha malo amene GPS ili ndi ntchito yeniyeni. Galimoto ikawonongeka pakati pa tchire kapena ikalandidwa, chipangizo chomwecho n'chimene chingachititse kuti mupezedwe msanga. Pa mfundo imeneyi kampani yanu siinalakwe, ndipo kupatuka ndi galimoto ya eni yodzaza katundu popanda kupempha ndi chinthu chimene ali ndi ufulu wokufunsani, ngakhale kuti aliyense amene anadwazikapo kholo angamvetse chimene chinakupatutsani.

Kamera yoyang'ana nkhope nayonso ili ndi chifukwa chake pamene galimoto ikuyenda. Makamera ena amtunduwu amapangidwa kuti aziona zikope za dalaivala zikayamba kulemera kapena mutu ukayamba kugwa, n'kuliza belu lomudzutsa, ndipo amene anayendapo masana m'chigwa cha Zambezi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, akudziwa mmene tulo timabera munthu pachiwongolero. Koma injini ikazima, inu mwaimika galimoto pamalo ololedwa ndipo mwavula malaya kuti mugone, kabini ija yasanduka chipinda chanu chogona. Palibe ngozi yapamsewu imene kamera yoyang'ana munthu wogona ingapewetse, ndipo ngati nkhawa ndi ya akuba, kamera yoyang'ana kunja ndi kumbuyo kwa thiraki ndi imene ingathandize. Ineyo ndikuona kuti apa cholinga choteteza chatha, ndipo chatsala ndi kusuzumira munthu m'nthawi yake yopuma. Muli ndi chifukwa chokwanira choti mupemphe kuti kamerayo izizima kapena muziloledwa kuiphimba pa maola opuma, ndiponso kuti akuuzeni amene amaona zithunzizo ndi nthawi imene amazisunga. Musaiphimbe kapena kudula nthambo zake mwa inu nokha, chifukwa pamenepo mudzakhala mwawapatsa mlandu weniweni woti akuzengeni. Pempho lotere limamveka bwino likachokera kwa madalaivala onse pamodzi, kudzera ku komiti ya sindikato, bungwe la antchito, ngati pakampani panu ilipo.

Kudulidwa malipiro popanda kufunsidwa ndiye kulakwa koonekeratu. Chindapusa chochotsedwa pa malipiro ndi chilango chimene chimafuna ndondomeko ija ya nota de culpa ndi mwayi woti muyankhe. GPS imangosonyeza pamene galimoto inaima ndi mphindi zimene inakhalapo, koma siingafotokoze kuti munali pambali pa mphasa ya mayi anu, ndipo n'chifukwa chake lamulo limafuna kuti munthu amvedwe asanalangidwe. Lembani kalata yopempha kuti akuonetseni maziko a ndalama zimene anadulazo, ndipo akapanda kuyankha kadandauleni ku maofesi amene ndatchula poyankha mayi a ku Tete aja.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akufunsira ntchito ya mu ofesi, ndipo amuuza kuti abweretse zotsatira za kuyezetsa HIV ndiponso anene ngati ali ndi pakati. Kodi achite bwanji? Ndine kholo la ku Furancungo.

YANKHO: Inu kholo, mwachita bwino kufunsa mwanayo asanapereke kanthu. Lamulo la nambala 19/2014 linapangidwa kuti liteteze anthu amene ali ndi HIV, kuphatikizapo antchito ndi ofunsira ntchito, ndipo silola kuti munthu akakamizidwe kuyezetsa kapena kuulula zotsatira zake kuti apeze ntchito kapena akhalebe pantchito. Wolemba ntchito angathe kupempha kuti munthu apimidwe ndi dokotala pofuna kudziwa ngati thupi lake lingathe ntchitoyo, koma dokotalayo amangoyenera kunena ngati munthuyo ali woyenera ntchitoyo kapena ayi, osaulula matenda ake. Za pakati nazonso ndi za moyo wake wa iye mwini. Lamulo limalola mafunso okhudza moyo wa munthu pokhapokha ngati mtundu wa ntchitoyo ukufunadi zimenezo, ndipo wolemba ntchito ayenera kupereka chifukwa chake cholembedwa asanafunse. Ntchito ya mu ofesi ilibe chifukwa chotere. Mwana wanu apemphe mwaulemu kuti zimene akufunazo azilembe papepala pamodzi ndi chifukwa chake, pakuti amene akudziwa kuti akuphwanya lamulo kawirikawiri salimba mtima kulemba, ndipo akalemba, pepalalo ndi limene angapite nalo kwa oyendera ntchito. Kuyezetsa HIV n'kwabwino ndipo ndikumulimbikitsa kutero, koma zotsatira zake ndi zake.

FUNSO: Ine ndili mbali ina. Ndili ndi sitolo ya feteleza, mbewu ndi mankhwala a mbatata ya kachewere ku Ulongwe, ndipo ndalemba anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi. Nyengo yathayi matumba a feteleza ankasowa ndipo sindikudziwa amene akuba. Mnzanga wandilangiza kuti ndiike kamera yobisika mosungira katundu ndi m'kachipinda kamene antchito amasinthira zovala, popeza ndikuganiza kuti zina amabisa mmenemo. Kodi ndingatero? Ndine bambo wa ku Ulongwe.

YANKHO: Bambo, zikomo chifukwa chofunsa musanachite, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa thumba limodzi la feteleza likasowa m'sitolo yaing'ono phindu la matumba angapo limapita nalo. Lamulo lili kumbali yanu pa kuika makamera oteteza katundu. Mungathe kuika pakhomo, pamalo olandirira ndalama ndi mosungira katundu, koma muyenera kuuza antchito anu kuti makamerawo alipo ndiponso cholinga chake. Ndikukulangizani kuti muwaitane onse anayi, muwafotokozere, asayine papepala kuti auzidwa, ndipo mupachike chikwangwani choti makasitomala nawonso adziwe.

Mwina mukuganiza kuti kamera yodziwika siingagwire wakuba. Koma dzifunseni chimene mukufuna kwenikweni, kaya ndi kugwira munthu mmodzi kapena kuti feteleza asiye kusowa, pakuti kamera yoonekera imaletsa dzanja lisanatambasuke, pamene yobisika imadikira kuti katundu abedwe kaye. N'zoona kuti m'chaka cha 2019 khoti la ku Strasbourg lija, pa mlandu wa López Ribalda ndi anzake a ku Spain, linavomereza makamera obisika amene sitolo ina yaikulu inaika. Koma linatero chifukwa panali umboni wakuti katundu wambiri wakhala akusowa kwa miyezi ingapo, makamerawo ankayang'ana pamalo olipirira pokha, ndipo anagwira ntchito masiku 10 okha. Lamulo lathu limanena momveka kuti wantchito ayenera kuuzidwa, choncho zithunzi zojambulidwa mobisa zingathe kutsutsidwa pa mlandu, ndipo inu amene munaberedwa mungapezeke kuti ndinu woyankha.

Za kachipinda kosinthira zovala ndikukuletsani ndi mtima wonse. Palibe kuchuluka kwa matumba osowa kumene kungalungamitse kujambula munthu akuvula, ndipo pakati pa antchito anuwo pali mwana wamkazi wa eni amene makolo ake anamulola kudzagwira ntchito kwa inu pokukhulupirirani. Kuchita zimenezi kungakufikitseni pa mlandu wa upandu wolowerera chinsinsi cha munthu, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Ulongwe, momwe alimi amene amagula kwa inu ndi achibale a antchito anu omwewo, mbiri yotere ingakutsekereni sitolo msanga kuposa wakuba. Ngati mukukayikira kachipindako, ikani kamera panja yoyang'ana njira yochokera mosungira katundu, chifukwa thumba la makilogalamu 50 silingalowe mmenemo popanda kudutsa pakhomo.

Musanawononge ndalama pa makamera, yambani ndi buku. Muziwerenga matumba pamodzi ndi wantchito mmodzi m'mawa potsegula ndi madzulo potseka, nonse awiri muzisayina, kiyi wa mosungira katundu azikhala ndi munthu mmodzi pa tsiku, ndipo thumba lililonse lizituluka ndi lisiti. Mukatero kwa milungu iwiri kapena itatu mudzadziwa tsiku limene katundu amasowa ndi amene anali ndi kiyi, ndipo mwina mudzapeza kuti vuto lili pa kuwerengera pamene lole ikutsitsa katundu, anyamata anuwo asanakhudze n'komwe thumba lililonse.